Kanyundo Watseka Tchalitchi cha Ukwati Wake

Atsikana ena m'chikwama amayenda ndi kagalasi ndi mafuta opaka pamilomo. Uyu wathuyu ankayenda ndi kanyundo. Kanali kakang'ono, kachogwirira chofiira, ndipo n'kamene kanamupatsa dzina lomwe aliyense ankamudziwa nalo, kuyambira ku ofesi ya boma kumene ankagwira ntchito yoyendera nyumba zikuluzikulu mpaka ku tchalitchi. Onse ankangoti Kanyundo. Khoma lililonse limene waliyandikira ankaligogoda n'kupendeketsa mutu, kumvetsera ngati dokotala pachifuwa cha wodwala.

Mnyamata amene anamukonda anali woimba limba pa tchalitchi chomwecho, ndipo naye dzina lake lenileni linakwiririka kalekale, anthu n'kumangoti Walimba. Iye ankanena kuti chikondi chinamulowera kukhutu. Tsiku limene anaonana koyamba, Kanyundo anabwera kudzayendera sukulu imene Walimba ankaphunzitsa nyimbo. Anagogoda khoma la kalasi, kenako osatembenuka n'komwe anati khomalo lili bwino, koma limba likuliralo lili ndi batani limodzi lonama. Walimba anali atadandaula za batani lomwelo kwa akuluakulu a sukulu mpaka malovu kuuma, popanda womumva. Kuyambira tsikulo mtima wake sunabwererenso m'malo mwake.

Lamulungu limene nkhani ino ikuyambira, abusa analengeza ukwati wawo koyamba. Lamulo la mpingowo linali lakuti ukwati ulengezedwe katatu, masabata otsatizana, kuti wodziwa choletsa anene. Panalibe amene anadzuka, ngakhale kwaya yonse inaona mmene mtsikana woyambitsa nyimbo, yemwe ankamutcha Sopulano, anagwetsera buku lake pansi. Sopulano anamudikira Walimba zaka zambiri, ndipo mayi ake a Walimba ankadikira naye limodzi.

Anthu atatuluka, Walimba akuphimba limba ndi nsalu, anamva kugogoda kumbuyo kwa tchalitchi. Kumeneko kunali nsanja, chipinda cha m'mwamba chimene anachiwonjezera mpingo utakula, ndipo m'mene munkakhala ana. Nsanjayo inatsamira pa zipilala ziwiri.

"Ngakhale lero, mayi? Tsiku lolengeza ukwati wako uli pa ntchito?" anatero Walimba akuseka.

Kanyundo sanaseke. Anamukodola ndi chala, nagogoda chipilala cha kumanja, kenako cha kumanzere. Munthu wina akanatha kunamizira kuti sakumva kusiyana, koma osati woimba limba. Choyamba chinalira mawu olimba. Chachiwiri chinalira ngati mgolo wopanda madzi. Atagogodanso, pulasitala yaikulu ngati chikhatho inagwa, ndipo zitsulo za m'kati zinaoneka zitadyeka ndi dzimbiri moti ankazinyenya ndi chikhadabo. Anamuuza kuti pa nyimbo yomaliza, ana akuponda m'mwambamo, anaona fumbi likuthothokera pa chipewa cha mayi amene anakhala patsogolo pake.

Walimba anakweza maso n'kuyang'ana m'mwamba. Nsanja imeneyo anaimangitsa ndi bambo ake.

*

Kanyundo sanathamangire ku ofesi. Madzulo a tsiku lomwelo anavala nsapato zake zabwino napita kwa apongozi ake a m'tsogolo, Walimba akumutsatira ngati mwana wopita kukalandira jakisoni.

Bambo ake a Walimba anali mlembi wa bwalo la akulu a mpingo, munthu wowongoka ngati ndodo, amene nthawi ina anaimitsa mng'ono wake weniweni pa mgonero wa Ambuye, kenako n'kupita kukamuthandiza kufolera nyumba. Pa balaza pawo, pamwamba pa wailesi yakale, panali chithunzi cha tsiku lotsegulira nsanja ija, iwo ali pakati atavala suti. Pambali pake panali Baibulo ndi buku lakuda la malamulo a mpingo, ndipo zinali zovuta kudziwa lomwe linatha kwambiri m'makona.

Mtsikanayo anakhala m'mphepete mwa mpando, manja pa mawondo, nafotokoza zonse mosakometsera. Pempho lake linali laling'ono: amange chingwe pa masitepe a nsanja kufikira akatswiri ataiona. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo sanatsutse ngakhale liwu limodzi. Anangoti munthu mmodzi, kaya mbusa kaya mlembi, alibe mphamvu yotseka ngakhale kona ya nyumba ya Mulungu. Lamulo limeneli analiika kale, mbusa wina atatsekera kunja anthu amene anakangana naye, ndipo linapulumutsa mpingo kuti usagawanike. Lotseka ndi bwalo lokha, ndipo bwalo ladzidzidzi liyenera kuyamba lalengezedwa m'mapemphero a Lamulungu.

Onse atatu ankadziwa tanthauzo lake. Lamulungu lotsatiralo ndi limene ana anakonzekera kuimba, ndipo nsanja ikanadzaza mpaka pa masitepe.

Kenako bamboyo anamukumbutsa lamulo lina, mofatsa, ngati munthu wochenjeza mnzake za dzenje panjira. Mkhristu wotengera nkhani ya mpingo kwa akunja bwalo lisanaimve amaimitsidwa pa mgonero theka la chaka, ndipo woimitsidwa ukwati wake sulengezedwa.

"Bambo, lamulolo ndikulidziwa, ndipo sindikulinyoza," anatero Kanyundo. "Koma nanenso ndinakweza dzanja n'kulumbira pa ntchito yanga kuti ndikaona chinthu choti chipha anthu, sindidzagona nacho. Chipilala chija sichikudziwa kuti bwalo likumana liti."

Bamboyo anavula magalasi napukuta nthawi yaitali.

"Ndiye kuti tonse tamangidwa, mwana wanga. Iwe chingwe chako, ine changa."

Walimba anawayang'ana awiriwo, ndipo ngakhale anali ndi mantha, anadabwa kuona mmene ankafanirana. Koma kukhitchini makapu ankagundana mwaukali. Mlendo atangotuluka, mayi ake a Walimba anamukokera pakona n'kumuuza kuti walira mvula walira matope. Anasiya mtsikana wofatsa wa m'kwaya n'kukatola wa nyundo, ndiye taonani, sanalowe n'komwe m'banja wayamba kale kugogoda makoma.

*

Masiku otsatira foni ya Walimba inatentha. Analemba mauthenga ataliatali, ena okopa, ena odandaula. Anapempha Kanyundo kuti adikire Lamulungu limodzi lokha, iye aunjika mabenchi pa masitepe mwakachetechete, palibe amene adziwe kuti wachita ndani. Yankho linabwera lalifupi: ana amakwera mabenchi bwino kuposa masitepe, ndipo okhala pansi pa nsanjayo nawo ndi anthu. Walimba analembanso kuti ngati amamukondadi sangataye ukwati wawo chifukwa cha fumbi la pa chipewa. Apa mtsikanayo anayankha motere:

"Ndimakukonda moti ndikulephera kudya. Koma sankha wekha: ndivale zoyera mochedwa, kapena ndivale zakuda kuperekeza timabokosi ting'onoting'ono?"

Walimba anaika foni chafufumimba patebulo. Anakwiya kwambiri.

Pa tsiku lophunzira nyimbo, Sopulano anabwera ndi tiyi mu fulasiki, namuthirira Walimba yekha, kwaya yonse ikumeza malovu. Anamufunsa ngati bambo akugona bwino, nati iye sangayerekeze kuchititsa manyazi munthu wamkulu ngati ameneyo, ngakhale atamulipira. Kenako anayatsa foni yake namuonetsa chithunzi. Chinali cha Kanyundo pa geti la tchalitchi, pambali pa galimoto ya boma, atagwirana dzanja ndi mwamuna wamtali wovala jekete, amene nkhope yake sinkaoneka.

"Ine sindikunena kanthu," anatero Sopulano.

Anthu onena choncho amakhala atanena kale zonse. Walimba anaimba nyimbo yotsatira mothamanga moti abesi anatsalira m'mbuyo mzere wathunthu, ndipo atangoweruka analunjika kunyumba kwa bwenzi lake, mawu aukali atawakonza kale m'kamwa.

Anamupeza akusita bulauzi pa kathebulo ka m'chipinda chake cha lendi. Ataona chithunzicho, Kanyundo anaseka koyamba m'sabata yonseyo. Mwamunayo anali bwana wake, injiniya wa imvi wokhala ndi zidzukulu, wodwala bondo, ndipo iye ankangowathandiza kutsika galimoto. Koma kusekako kunathera panjira. Anazimitsa simbi namuuza kuti lipoti analemba kale, abwanawo anadzionera okha, ndipo anena kuti nsanja ikagwa ikoka khoma lonse la kumbuyo. Boma litseka tchalitchi chonse.

Kenako anavula mphete ya chitomero naiika pachikhatho. Anati sakufuna kuti Walimba asankhe pakati pa iye ndi makolo ake, ndipo akaitenga sadzamusungira chakukhosi. Misozi inkatsika koma mawu sankanjenjemera. Walimba anachita manyazi ndi nsanje yake yachibwana. Anapinda zala za mtsikanayo pa mpheteyo n'kuzigwira ndi manja onse awiri, ndipo anakhala choncho mpaka simbi itazizira.

*

Lamulungu anthu anapeza riboni yofiira itazungulira khomo la tchalitchi. Mapemphero anachitikira poimika magalimoto, padzuwa loswa mtengo, azimayi atafunda maambulera, azibambo akupukuta makosi ndi mipango. Walimba anakoka chingwe cha magetsi kuchokera kunyumba ya abusa, naika limba pa mabenchi awiri. Paliponse pomwe anatchera khutu ankamva dzina limodzi lokha. Ena ankati mtsikanayo akufuna kukwezedwa pa ntchito. Ena ankati tchalitchi chaima zaka zonsezi ndi chisomo, ndiye kamwana kadzulo kadziwa chiyani.

Walimba ankaganiza kuti Kanyundo sabwera, ndipo akanamumvetsa. Koma nyimbo yoyamba ili pakati, anamuona akulowa pa geti, atavala diresi yabuluu yomwe anavala tsiku lolengeza ukwati, atanyamula mpando wake wapulasitiki. Anauika kumbuyo kwenikweni. Amene anali pafupi anasuntha mipando yawo pang'onopang'ono mpaka anatsala yekha ngati wodwala chifuwa. Iye anatsegula buku la nyimbo n'kuyamba kuimba ndi mawu ake osakoma kwenikweni aja.

Nthawi ya ana itakwana, anafola pa dothi n'kuyamba kuponda ndi mphamvu zawo zonse monga anaphunzitsidwira, fumbi kuti kobo. Walimba anaponya maso kumbuyo. Kanyundo sankayang'ana nkhope za anawo ayi, ankayang'ana mapazi awo, akumwetulira ngati munthu amene wamutula katundu wolemera. Pamenepo Walimba, amene sanaphonyepo batani pamaso pa mpingo, anaphonya. Anazindikira kuti sanamukondepo mtsikanayu ngati mmene ankamukondera nthawi imeneyo, ali yekhayekha pa mpando wapulasitiki.

Abusa anawerenga zolengeza zonse, za odwala, za maliro, za bwalo ladzidzidzi. Za ukwati anadumpha.

*

Bwalo linakumana m'kalasi ya ana kuseri kwa nyumba ya abusa, akuluakulu a mimba zawo atapanikizika pa timipando tating'ono. Walimba sanaloledwe kulowa. Anakhala pakhonde pansi pa zenera, ndipo sitinganame kuti sankamvetsera.

Kunena zoona, akuluwo sanali anthu oipa. Ambiri anali atakasuzumira chipilala chija pazenera n'kubwerako ali chete. Ngakhale msungichuma, bambo ake a Sopulano, anayankhula mwachifundo. Anati lamulo lili ndi khomo lotulukira: wolakwa akavomera pamaso pa bwalo kuti analakwa ndipo walapa, amangodzudzulidwa, nkhani n'kuthera pomwepo, ukwati n'kulengezedwa Lamulungu likudzalo. Abusa anawonjezera kuti ndi liwu limodzi lokha, mwana wanga, silithyola lilime.

Pansi pa zenera Walimba anatsinzina n'kupemphera pemphero losayenera woimba limba. Anapempha Mulungu kuti bwenzi lake liname kamodzi kokha.

"Azibambo anga," anamveka mawu a Kanyundo, "lamulo lanu ndinaliphwanya ndikulidziwa, ndipo chilango chake ndichilandira ndi manja awiri. Ndikupepesa chifukwa cha manyazi amene ndabweretsa, makamaka kwa bambo mlembi. Koma ndikanena kuti ndikulapa, ndiye kuti zitachitikanso ndingakhale chete. Sindingakhale chete. Ndiye ndisayambe banja langa ndi bodza pamaso panu ndi pamaso pa Mulungu."

Walimba anatsegula maso. Kenako anamva mpando ukukhukhuluzika, ndi mawu a bambo ake akuwerenga chigamulo: theka la chaka kunja kwa mgonero, kulengeza ukwati kwaimitsidwa. Mawuwo anali owongoka monga mwa masiku onse, koma pa liwu lakuti ukwati anaima n'kutsokomola, chinthu chimene mwana wawo sanawamvepo akuchita. Kanyundo anathokoza bwalo natuluka.

Ali pa geti, Walimba anatulutsa zimene zinali kumtima. Anati boma nalo limamangitsa maukwati, ofesi yake ili pafupi ndi positi, mboni ziwiri basi, bwanji osangopita kumeneko n'kuwasiya akuluwa ndi buku lawo lakuda. Kanyundo anapukusa mutu. Anati anapita ku boma chifukwa cha ana, osati chifukwa choti mpingo ndi wopanda pake. Akamathawira ku boma nthawi iliyonse imene mpingo wamupweteka, ndiye kuti amene akumunena aja akunena zoona. Theka la chaka si moyo wonse, adikira, ndipo adzakwatiwa m'tchalitchi chomwecho chikakonzedwa, apongozi ake atakhala kutsogolo.

Akuyankhula choncho, bambo ake a Walimba anatulukira, buku lakuda lili m'khwapa. Anafika pomwe anaima awiriwo, naima, navula chipewa pamaso pa mtsikana amene anangomuweruza kumene.

"Mdzukulu wanga wamng'ono uja, mwana wa mlongo wake wa uyu, amakonda kukhala kutsogolo kwenikweni kwa nsanja, miyendo ili lendelende," anatero. "Ndangoti udziwe."

Anavalanso chipewa napitiriza ulendo. Walimba anaona ngati chifuwa chake chiphulika ndi kunyada, ndipo sanadziwe kuti akunyadira uti mwa awiriwo.

*

Koma mlandu suola. Loweruka lina masana, Walimba ali kwa Kanyundo akuthandiza kupachika makatani, panamveka kugogoda. Atatsegula anapeza mayi ake, amene sanapondepo pakhomo limenelo, mpango utapendekeka, maso ali ofiira. Anakana mpando, anakana madzi.

Nkhani yawo inatuluka mosokonekera. Boma litafufuza linapeza kuti nsanja ija inamangidwa popanda chilolezo chake, chifukwa akulu a nthawiyo ankaona kuti bwalo likavomera, nkhani ya nyumba ya Mulungu yatha. Amene anasayina zonse anali mlembi. Tsopano amuitana kukhoti, ndipo mboni yoyamba ya boma ndi amene anayamba kuona chipilalacho. Kanyundo anatsamira khoma. Zimenezi sanazidziwe, chifukwa abwana ake anali asanamuuze.

Walimba sanafunikire womukumbutsa zimene buku lakuda limanena. Wochitira umboni wotsutsa mkulu wa mpingo pa bwalo la akunja saimitsidwa theka la chaka ayi, amachotsedwa mumpingo. Ukwati wa m'tchalitchi umene Kanyundo analonjeza kuudikira sukanakhalaponso.

Koma mayiwo sanabwere kudzalira kokha. Anali atafunsa mphwawo wina wodziwa za malamulo, ndipo anawauza kuti wogwira ntchito m'boma akakhala wachibale wa woimbidwa mlandu, amamuchotsa pa mlanduwo. Chibwenzi si chibale, koma ukwati ndi chibale. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, anatero mayiwo, ndipo asanamalize anagwada pa simenti, nagwira m'mphepete mwa siketi ya mtsikana amene ankamutcha wa nyundo uja.

"Mpongozi wanga, pitani ku boma Lolemba mukakwatirane. Mboni ndikhala ine. Koma bambo anu asadziwe."

Kanali koyamba kumutcha mpongozi. Walimba anaima ndi katani m'manja, akumva ukwati umene anaupempha yekha pa geti paja ukuperekedwa ndi pakamwa pa mayi ake omwe. Akanangoti inde, Lolemba madzulo akanakhala mwamuna wa Kanyundo. Komanso akanakhala atamusandutsa munthu wozemba chilungamo, ndipo chigamulo chomuimitsa iye mwini pa mgonero chifukwa chokwatira kunja kwa mpingo chikanawerengedwa ndi bambo ake.

Kanyundo anawadzutsa mayiwo mwaulemu nawakhazika pa bedi. Kenako anatembenukira kwa Walimba. Dzanja lake linali m'chikwama, ndipo mnyamatayo ankadziwa kuti lagwira kanyundo kaja.

"Ine ndayankhula kokwanira mwezi uno," anatero motsitsa mawu. "Mayi ndi ako, bambo ndi ako, ine ndine wako. Lero uyambe ndiwe. Tipite Lolemba?"

Azimayi awiriwo anamuyang'ana, aliyense akudikira yankho losiyana ndi la mnzake.